Masau a Mayi Rozina

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene madzi a Ruo anasefukira n'kulowa m'mudzi mwathu ku Chiromo. Nyumba yathu inali ya zidina zosawotcha, ndiye inangosungunuka ngati mchere. Tonse atatu tinapulumuka, koma patangotha milungu itatu mayi anga anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba, tikadali m'kalasi ya pasukulu m'mene anatisunga. Bambo anali msodzi, ndipo bwato ndi maukonde zinali zitapita ndi madzi. Maliro atatha anandiperekeza kwa mlongo wawo kwa Makhuwira, iwo n'kuwoloka Shire kukafuna ganyu yodula nzimbe. Anandilonjeza kuti adzanditenga akadzapeza pokhala, koma sananene kuti liti.

Azakhali sanali munthu woipa. Anali ndi ana awoawo asanu, onse anyamata ndiponso aakulu kwa ine, munda wa thonje wosatha kupalira, ndi mwamuna amene maso ake ankatsata dzanja la aliyense likamalowa m'mbale. Sankandizunza, kungoti panalibe amene anali ndi nthawi yondifunsa kuti ndaswera bwanji. Ntchito yanga inali yodyetsa mbuzi zitatu ndikaweruka kusukulu, ndipo ndikuganiza kuti miyezi yoyambayo ndinayankhula ndi mbuzizo kuposa munthu wina aliyense.

Kusukulu zinavuta tsiku loyamba lomwe. Kwathu ku Chiromo tinkasakaniza Chisena ndi Chimang'anja osadziwa n'komwe kuti ndi zinenero ziwiri. Aphunzitsi atandifunsa kuti m'kajumbo kanga munali chiyani, ndinayankha kuti munali pinthu pyanga, m'malo monena kuti zinthu zanga. Kalasi yonse inaphulika ndi phwete. Kuyambira pamenepo dzina langa loti Lusiya linafa, ndinasanduka Pinthu. Amene ankatsogolera kuseka anali Aginesi, mwana wa mwini golosale, mtsikana wamtali amene anzake ankamutsatira ngati anapiye. Iye akakana kusewera nawe, ndiye kuti palibe wosewera nawe. Pa nthawi yopuma ndinkakhala kuseri kwa kalasi, n'kumayang'ana mapiri a ku Thyolo ndi kuwerenga magalimoto amene ankatsika kamodzikamodzi.

Kumapeto kwa mudzi, kumene nthaka imayamba kutsetsereka kulowera kudambo, kunali mpanda wa misau. Misau ina yonse m'deralo inkamera paliponse pamene yafuna, uwu apa, uwo uko, koma iyi inali itazungulira malo ngati khola, yothinana moti ngakhale galu sakanadutsa. Pamwamba pake pankangooneka nsonga ya denga laudzu. Azakhali anali atandichenjeza kuti ndisadzayandikire kumeneko chifukwa kumakhala wakhate. Sanatchule dzina, ndipo pa nthawiyo sindinaganize kuti munthuyo angakhale nalo.

Tsiku lina chakumayambiriro kwa nyengo yozizira, kambuzi kamodzi kanathawa ndi chingwe chake n'kukakodwa mumpandamo. Ndinakwawa kuti ndikakamasule, ndipo nanenso ndinakodwa. Minga inagwira diresi, tsitsi ndi mkono, ndipo ndikamayesa kudzisolola m'pamene inkalowa kwambiri. Ndinayamba kulira. Kenaka ndinamva mawu a mzimayi kuseri kwa masamba, akuyankhula Chisena chenicheni, chimene ndinali ndisanachimve chichokereni bambo.

"Usakoke, mwanawe. Minga ya msau imakhala iwiriiwiri, wina woongoka, wina wopinda ngati mbedza. Ukamakoka, wopindawo umalowa. Pita kutsogolo pang'ono, ukusiya wokha."

Ndinachita zomwezo, ndipo mingayo inandisiyadi. Nditaimirira ndinawaona bwino kudzera pampata wa nthambi. Anali mayi wochepa thupi, wopanda nsidze, atavala duku lofiira losuluka. Dzanja lawo lamanja linali ndi chala chachikulu ndi zina ziwiri zazifupi, lamanzere linali ngati chibakera chosatambasuka. Miyendo yanga inafuna kuthawa, koma makutu anakana. Anandifunsa kwathu, ndipo nditatchula Chiromo anandifunsa ngati sitima inkawolokabe pamlatho. Anati dzina lawo ndi Rozina.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono m'masiku otsatira, chifukwa ndinayamba kudyetsera mbuzi mbali yomweyo. Anachokera ku Mozambique, kupitirira Mutarara, pothawa nkhondo. Matendawa anawayamba ali kale kuno, ndipo anamwa mankhwala a kuchipatala mpaka adokotala anawauza kuti achira, sangapatsirenso munthu. Koma zala zimene zinapita sizibwerera, ndipo anthu amakhulupirira zimene akuona. Nkhondo itatha, anzawo akukwera malole kubwerera kwawo, amuna awo anatenga ana awiri n'kunena kuti adzatuma munthu. Munthuyo sanabwere. Anthu a mpingo anawapemphera kamalo kameneka, kamene aliyense ankakakana chifukwa cha mbuzi ndi ng'ombe zimene zinkadutsa pamenepo popita kukamwa madzi.

Munthu wa zala zitatu sangadule mitengo, kukumba maenje ndi kumanga mpanda ndi luzi. Ndiye iwo anaudzala. Anandilongosolera kuti nthangala ya sau ndi youma ngati mwala, ukaikwirira yomwe wangodya kumene imatha kukhala chaka osamera. Koma mbuzi ikadya masau, imakagona pamthunzi n'kumabzikula, kenaka imalavula nthangala zitafewa kale. Iwo ankapita pansi pa mlambe pamene mbuzi za m'mudzi zinkausa masana, n'kumatola nthangalazo ndi supuni. Mvula yoyamba itagwa anazikwirira mondondozana, phazi limodzi pakati. Mitengoyo ikafika m'chiuno ankaidula nsonga kuti isakwere m'mwamba koma itambalale m'mbali, ndipo nthambi zake ankazipinda ndi ndodo yamphanda kuti zilukane. Panapita mvula zisanu ndi imodzi kuti mpandawo utseke. Mkati mwake munali mapira, khobwe, therere ndi maungu, zobiriwira pamene kunja konse kunali fumbi.

Chimene sankatha ndi kuthyola zipatso zake. Manja awo sankamva kanthu, kaya moto kaya munga.

"Iwe ukabayidwa umakuwa n'kuchotsa dzanja," anandiuza choncho. "Ine ndimadziwa mochedwa, ntchentche zikayamba kutera."

Choncho ankangotola ogwera mkati, ogwera kunja n'kukhala a mbuzi, ndipo ambiri ankangofotera pakati pa minga. Sanandipemphe kuti ndiwathandize. Ndinangoona thumba lili pansi, n'kuliyala pansi pa nthambi monga tinkachitira kwathu.

Miyezi iwiri imeneyo ndiyo ndimaikumbukira kwambiri pa ubwana wanga wonse. Ndinkamangirira mbuzi pafupi ndi chulu chimene chinali kuseri kwa mpandawo, n'kulowera pakampata kapansi kamene mayi Rozina anandisonyeza, kobisika ndi udzu, kuti anthu odutsa m'njira asandione n'kukauza azakhali. Anandiphunzitsa kukola nthambi ndi ndodo yangowe n'kuigwedeza pang'onopang'ono kuti agwe okhwima okha. Kumenya ndi ndodo ankakaniza, ankati kumathyola timphukira ndi kugwetsa aawisi amene akanapsa sabata yamawa. Tikatero tinkakhala pansi n'kumasankha. Achikasu ndi owawasa, amachititsa tsinya. Ofiirira amene ayamba kukwinyika ndiwo otsekemera. Okhala ndi kabowo kakang'ono ngati ka singano ali ndi mphutsi, amenewo tinkaponyera nkhuku. Otsalawo tinkawayanika pamphasa, ndipo bwalo lonse linkanunkhira fungo lija lokhala ngati uchi wayamba kusasa. Tinkacheza m'Chisena za nsomba, za mayi anga, za ana awo amene ankati tsopano ayenera kuti anali atatalika kuposa iwo. Nthawi zina sitinkayankhula n'komwe, koma sikunali kukhala chete kwa kuseri kwa kalasi kuja.

Tsiku lina anasinja masau ouma, kuwanyika m'madzi, kusefa, n'kuphikira phala la mapira. Atandiitana kuti ndidzamwe, ndinayang'ana kapu yawo yapulasitiki ndipo dzanja langa linaima. Iwo anaona. Anangolowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu ina yachitsulo, yoyera ndi mzere wobiriwira m'mphepete, itakulungidwa m'pepala. Anati anaigula kalekale kuti ikhale ya alendo, ndipo ineyo ndinali woyamba kumwera. Ndinamwa ndi manyazi. Phalalo linali lokoma kwambiri.

Masau oumawo sanali ongodyera kukoma. Kunkabwera bambo wina wa njinga wochokera kumapiri, amene ankatenga matumba pakhomo la mpanda n'kusiyapo chimanga, mchere ndi sopo. Chimanga chimenecho ndicho chinkawawolotsa miyezi ya njala mapira asanache. Chaka chimenecho, chifukwa cha manja anga, ankayembekeza matumba anayi kapena asanu, pamene zaka zina ankapeza limodzi ndi theka. Anali atayamba kale kunena zogula nsapato zofewa zoteteza mapazi awo.

Pofika mwezi wa Ogasiti misau yakutchire inali itatha, ana ndi mbuzi atailalira. Ine ndinkapitabe kusukulu ndi masau m'thumba la diresi. Tsiku lina ndikudya kuseri kwa kalasi, ndinaona mthunzi waima patsogolo panga. Anali Aginesi.

"Lusiya, tandigawireko."

Sanati Pinthu. Miyezi isanu ndi umodzi inali itapita chimvereni dzina langa pakamwa pa mwana mnzanga. Ndinamupatsa onse. Mawa lake anandisungira malo pafupi ndi iye, ndipo pa nthawi yopuma anandilowetsa m'gulu lake la fulaye. Tsiku lachitatu anandifunsa kumene ndinkawatenga masau aakulu chonchi. Ndinayamba ndazemba, koma nkhope yake itayamba kubwerera mwakale ndinachita mantha, ndipo ndinanena. Ndinanena za mpanda, za mphasa zoyanikapo, za kampata kakuseri kwa chulu. Ndinanenanso chimene sanandifunse, kuti Lachitatu mwiniwake amapita kuchipatala kukatsukitsa chilonda cha kuphazi ndipo amabwerako dzuwa litapendeka.

Ndinkadziuza kuti tipita atsikana atatu kapena anayi, tidzatola odzaza manja n'kutuluka. Lachitatulo titaweruka tinapezeka tili khumi ndi awiri, ena anyamata akuluakulu a kalasi yapamwamba, wina atatenga chikwanje. Kampatako kanawachepera, ndiye anakakuza. Anadula misau itatu patsinde penipeni n'kuikokera pambali. Atalowa anayamba kumenya nthambi ndi zibonga, masamba ndi masau aawisi kumangoti waa pansi. Ena anathamangira pamphasa n'kumakokolera ouma m'malaya ndi m'majumbo. Mnyamata wina anapeza matumba awiri osoka kale pakhonde n'kuwasenza ndi mnzake.

Ndinanena kamodzi kokha, motsitsa mawu, kuti asamenye mitengo. Aginesi anatembenuka n'kundifunsa ngati wakhateyo anali amayi anga. Ndinati ayi. Anandifunsanso kuti nanga chikundiwawa n'chiyani, ndipo ndinati palibe. Kenaka ndinawerama n'kuyamba kutola nawo.

Pobwerera anandiika pakati, wina atandikoleka mkono m'khosi, tikuimba. Sindinama, ndinasangalala. Mpaka pamene ndinafika pamlambe n'kuona mbuzi za m'mudzi zikudzuka pamthunzi, zikulunjika kudambo monga mwa masiku onse, m'pamene ndinakumbukira kuti pampata paja tasiya pali pululu.

Ubwenziwo unatha m'mawa mwake. Makolo ena ataona matumba aja anafunsa kumene achokera, ndipo atamva anakwapula ana awo, osati chifukwa chakuba koma chifukwa chodya za pamphasa ya wakhate. Anawo anati anawatenga ndi Pinthu, amene amadya komweko tsiku ndi tsiku. Nditalowa m'kalasi, onse amene ankakhala pafupi nane anasuntha, pansi ponse pondizungulira n'kutsala poyera. Nkhani inafika kwa azakhali. Anandisambitsa ndi madzi otentha ndi sopo wochapira mpaka khungu linawawa, akulira ndi mantha, kenaka anandipatulira mbale yangayanga ndi kapu yangayanga, n'kuziika pazokha pamwamba pa nkhokwe.

Ndinakhala masiku anayi osapitako. Mbuzi ndinkazipititsa mbali ina ya mudzi. Tsiku lachisanu miyendo inangonditenga.

Ndinawapeza pampata paja. Khobwe yense anali atadyedwa mpaka pansi, therere litatsala timitengo, maungu atapondedwapondedwa. Iwo anali akukoka nthambi zodulidwa zija kuti atsekere, ndodo yamphanda ili pansi chifukwa nthambizo zinali zolemera, ndiye ankazigwira ndi manja. Magazi anali atayenderera mpaka m'zigongono, ena ouma, ena aawisi.

"Mayi, mukutuluka magazi."

Anatembenuka n'kundiyang'ana, kenaka anayang'ana manja awo ngati a munthu wina.

"Pati?"

Ndinawalozera. Anakhala pansi, anamasula phini imene inkagwira duku lawo n'kundipatsa, naika manja onse awiri pamiyendo panga. Ndinayamba kuzula. Ina inali yongokola pakhungu, koma umodzi unali utalowa mkati mwa chikhatho chamanzere n'kuthyokera momwemo, ndipo ndinachita kukumba. Ine ndi amene ndinkatsinzina ndi kukoka mpweya, iwo ankangoyang'ana nkhuku. Ndinkayembekeza kuti andifunsa, andikalipira, kapena andithamangitsa. Anadikira mpaka nditamaliza dzanja limodzi.

"Kampata kaja ankakadziwa ndi iwe ndi nkhuku zangazi," anatero.

Misozi yanga inkagwera pamkono pawo, ndipo sindikudziwa ngati ankaimva.

"Anasewera nawe?"

"Masiku atatu."

"Masiku atatu." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu pamsika. "Njala ya anthu ndi yoipa kuposa ya m'mimba, mwanawe. Ndikuidziwa. Ya m'mimba umadya nyika, timizu ta m'dambo tija, tsiku n'kupita. Ya anthuyi imakudyetsa ndi mbewu yomwe." Atatero anandiuza kuti nditenge ndodo yamphanda titseke, mbuzi zisanabwerere kumadzi.

Tinatseka ndi nthambi zoumazo, koma iwo anati zimenezo n'zongogwirizira, chiswe chidzazidya mvula isanathe. Pankafunika kudzalanso. Masabata otsatirawo ndinkapitabe, tsopano mosabisala kwenikweni, chifukwa panalibenso chimene akanandilanda. Tinakunkha masau amene anatsala m'nthambi zam'mwamba, ndipo onse pamodzi anakwana thumba limodzi losadzaza. Bambo wa njinga uja atabwera anasiya kachimanga kochepa ndi mchere, sopo ayi. Za nsapato sanazitchulenso. Tinkapita pansi pa mlambe kukatola nthangala, ine ndi manja, iwo ndi supuni yawo, n'kuzisunga m'chitini podikira mvula yoyamba. Dzanja lamanzere lija linali lomangidwa nsanza nthawi yonseyo. Ndikafunsa ankati likupola.

Mvulayo sindinaione kumeneko. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, bambo anga anatulukira pa njinga yobwereka. Anali atapeza nyumba ku Nchalo, ndiponso mkazi, ndipo anati tinyamuke tsiku lomwelo kuti tikapeze bwato lowolotsa mphepo isanayambe. Ndinapempha kuti ndikatsanzike kumapeto kwa mudzi. Azakhali anayang'ana bambo, bambo anayang'ana dzuwa, n'kunena kuti nthawi yatha. Sindinaumirire. Ndinakwera pakaliyala ndi kajumbo kanga, ndipo njira yathu inalowera kwina.

Patapita zaka ziwiri azakhali anabwera ku Nchalo kumaliro. Pofotokoza za kumudzi, pakati pa nkhani ya mtengo wa thonje ndi ya ukwati wa mwana wawo wachiwiri, anati wakhate uja anamudula dzanja kuchipatala, chilonda chinakana kupola, ndipo a mpingo anamutenga kupita naye kwina. Ndinafunsa kuti dzanja liti. Anati iwo angadziwe bwanji. Ndinafunsa kuti anapita nawo kuti, ndipo anati mwina kwawo, mwina kumishoni, n'kupitiriza za ukwati zija. Nditakula ndinafunsafunsa kwa anthu a mpingo wa kumeneko, koma amene ankadziwa anali atamwalira kapena kusamuka. Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chilonda cha munga umene ndinakumba uja, kapena china chimene chinabwera pambuyo. Manja ngati amenewo amavulala kawirikawiri, ndimadziuza choncho, ndipo masiku ena ndimakhulupirira.

Tsopano ndine mphunzitsi wa pulayimale kwa Mbenje, ndipo tsitsi layamba imvi. Chaka chilichonse m'kalasi mwanga mumapezeka mwana mmodzi amene anzake amusiya payekha, wobwera kumene, wachibwibwi, kapena wamasiye wovala malaya a munthu wamkulu. Aphunzitsi anzanga amamumvera chisoni. Ine ndimamumvera chisoni komanso ndimamuopera, chifukwa ndikudziwa kuti tsiku limene anzake adzamuitane ndi dzina lake, adzapereka chilichonse chimene ali nacho, ndipo kawirikawiri chimene mwana wotere ali nacho ndi munthu mmodzi yekha amene anamukomera mtima. Ndiye sindidikira. Ndimamupezera wokhala naye sabata yoyamba yomwe, ndimamupatsa choko kuti agawire anzake, ndimatchula dzina lake mokweza mpaka kalasi italizolowera.

Pali chinanso chimene ndinachizindikira mochedwa kwambiri. Miyezi iwiri yomaliza ija ndinazula minga, ndinasenza nthambi, ndinatunga madzi, ndinasesa bwalo, ndipo ndinkaganiza kuti ntchitozo zikundiyankhulira. Mayi Rozina sanandikakamize kunena kanthu, nanenso ndinapezerapo pobisala. Ndinkati ndidzanena tsiku lodzala nthangala, tikadzagwada limodzi pampata paja. Ana anga ndimawauza kuti ukalakwira munthu, konza chimene waononga, koma usachoke pamaso pake usanatsegule pakamwa, chifukwa sudziwa tsiku limene njinga idzabwere kudzakutenga. Iwo amaona ngati ndi malangizo wamba a mayi wokalamba. Sadziwa kuti mawu amodzi okha oti pepani ndakhala nawo m'kamwa zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo mwini wake sindidziwa kumene anagona.